Masamu a Pakhonde ku Biwi

Nditayamba kuphunzitsa masamu pa koleji ina mu Lilongwe, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndinkakhala ndekha ku Area 25, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika wa Nsungwi. Makolo anga anali ku Kawale, komwe ndinakulira, koma ndinkapitako mwa apo ndi apo chifukwa macheza aliwonse ankathera pa funso limodzi: ukwatiwa liti? Anzanga a ku sekondale onse anali pa mabanja. Pa mdadada wathu amayi ankanditchula kuti aphunzitsi, moni ankandipatsa bwinobwino, koma ndikafika pampopi nkhani zinkaduka. Sindikhulupirira kuti ankandida. Kungoti sankadziwa choti n'kukamba ndi mkazi wosakwatiwa amene amalawirira ndi chikwama cha mabuku n'kubwera madzulo zala zili mbuu ndi choko.

Ku koleji aphunzitsi a masamu tinalipo awiri okha. Ine ndinkaphunzitsa masamu a zachuma, a chiwongoladzanja ndi inshuwalansi, ku kalasi yaikulu ya achinyamata olota ntchito za m'mabanki. Ndinkaphunzitsanso analisisi, phunziro losakhutira ndi yankho lokha, lofuna umboni wosonyeza chifukwa chake yankholo lili loona. Mnzanga anali bambo wachikulire wa ku Mangochi, Msilamu, wokhala ku Biwi. Iwo ankaphunzitsa ma PDE, masamu ofotokoza mmene zinthu ngati kutentha, mafunde kapena utsi zimafalikira kuchoka pena kupita pena nthawi ikamayenda. Ophunzira ankawatchula kuti Madala, ndipo nanenso ndinazolowera, ngakhale pamaso pawo ndinkati Abambo.

Ofesi yathu inali imodzi, tebulo lawo pawindo, langa kukhomo. Za moyo wathu sitinkakambirana kwenikweni. Ndinkangodziwa kuti ali ndi mkazi, ana awo anakula n'kumwazikana, ndipo amadwala shuga. Koma mumzinda wonse wa Lilongwe, Madala okha ndi amene ndikanatha kuwauza kuti umboni wakutiwakuti wandikanika, iwo n'kusiya zimene akuchita, kukoka mpando, n'kunena kuti, "Tatiyeni tiuone, amayi." Nthawi zina tinkaiwala ndi tiyi yemwe. Ndikamabwerera ku 25 madzulo a tsiku lotere, minibasi ikudutsa pa Kanengo fungo la fodya lili guu, ndinkamva kuti ndayankhulako ndi munthu.

Maso awo anayamba kufa pang'onopang'ono. Poyamba ankayandikitsa buku kumaso mpaka mphuno kukhudza pepala. Kenaka ophunzira anayamba kung'ung'udza kuti Madala akumalemba pamwamba pa zimene alemba kale pabolodi, mizere kukwerana, osawerengeka. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwawerengere mayankho a mayeso a ophunzira awo, ati magalasi awaiwala kunyumba. Magalasiwo anali m'thumba la malaya awo, ndinkawaona. Ndinawawerengerabe.

Semesita yotsatira itayamba, mpando wawo unali wopanda munthu. Mkulu wa dipatimenti anandiitana.

"Madala maso aferatu. Achipatala akuti ndi shuga uja, palibe chochita. Kalasi yawo ya ma PDE mutenga ndinu."

"Bwana, ma PDE ndinawaphunzira kamodzi kokha, kalekale. Si mbali yanga."

"Nanga titani? Mukuona wina pano?"

Wina panalibedi. Ndinatenga buku la Madala pa shelefu n'kupita nalo kunyumba. Mitu yoyamba ndinkaitsata, koma kutsata chinthu ndi kuchiphunzitsa n'zosiyana. Ndinkadziwa kuti wophunzira mmodzi wochenjera akangofunsa kuti chifukwa chiyani, ndidzaima kukamwa kuli yasa. Lachisanu ndinawaimbira foni. Anayankha ndi akazi awo, kenaka anawapatsira.

"Bwerani mawa," anatero Madala. "Mukatsika pa Biwi mufunse nyumba ya aphunzitsi akhungu. Dzina latsopano limenelo, lafala kale."

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi mpaka ku depoti, n'kukweranso ina. Ku Biwi ndinatsikira pakati pa magalaji, pomwe magalimoto akufa anandanda m'mbali mwa msewu, owotcherera zitsulo ali kalikiliki. Nyumba ya Madala inali mkati ndithu, ya njerwa zootcha, yokhala ndi khonde lalitali ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Ndinawapeza atakhala pampando pakhondepo, atavala mkanjo woyera, manja ali pamaondo. Kuntchito ndinkawaona ndi jekete ndi tayi masiku onse, ndiye ndinachita ngati ndalowa nyumba yolakwika.

Akazi awo anatuluka akupukuta manja pachitenje. Anali mayi wamfupi, wamaso akuthwa, wogulitsa nsalu mumsika waukulu m'tauni.

"Ndinu aphunzitsi aja? Mwachita bwino kubwera. Bambowa atitopetsa, akungoyankhula manambala ndi nkhuku."

Pakhoma la khonde panali bolodi. Analikonza ndi mlongo wa mayiwo, kalipentala wa ku Mtandire: thabwa lopyapyala lopakidwa penti yakuda, lokhomedwa mopendekeka pang'ono. Madala analiitanitsa atangomva kuti kalasi yawo aipereka kwa ine.

"Choko mwatenga?" anafunsa.

"Ndatenga, Abambo."

"Chabwino. Lembani chitsulo chachitali, chopyapyala. Wina akuchiwotcha mbali imodzi. Funso lathu n'lakuti, pakati pa chitsulocho patentha bwanji pakapita kanthawi?"

Tinayamba choncho. Iwo ankayankhula, ine ndinkalemba. Samu iliyonse inali m'mutu mwawo, mzere ndi mzere, ndipo akafika pamalo ovuta ankakweza chala m'mwamba n'kumalemba mumpweya. Akamaliza ankati, "Tsopano fufutani. Ndiphunzitseni ineyo, ndine mwana wa chaka chachitatu, ndipo ndine mbuli." Pamenepo ndiye pankavuta. Ankafunsa mafunso opusa dala, ndipo mafunso opusawo ndi amene ankandigwetsa. Ankamvetseranso kulira kwa choko. Ndikafulumira ankandiimitsa.

"Choko chanu chathamanga, amayi. Mwadumpha mzere."

"Ndi woonekeratu, Abambo."

"Kwa ndani? Ine sindikuona kanthu."

Ankaseka okha nthabwala zoterezi. Akazi awo sankaseka nawo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinali ku Biwi. Zimene ndaphunzira pakhonde Loweruka ndi zimene ndinkaphunzitsa m'kalasi sabata yotsatira, moti ndinkatsogola ophunzira anga ndi phazi limodzi lokha. Nthawi yoswali ikakwana Madala ankalowa m'nyumba akupapasa khoma, ine n'kutsala pakhonde ndi mayi aja, tikusankha mpunga m'lichero. Iwo ndi amene anandiuza zimene anthu ankanena.

"Mukudziwa kuti kuno mwatchuka? Akuti bambowa akufuna kutenga mkazi wachiwiri, wa sukulu."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Ndinati ngati zikuwavuta ndisiya kubwera.

"Musiye chifukwa cha ndani? Ine ndawauza kuti mkazi wachiwiri alipo kale, ndi masamuwo. Ndinalowa naye mitala ndisanabereke ndi mwana woyamba yemwe." Anapeta mpunga kangapo, kenaka anatsitsa mawu. "Inu mukabwera amadya. Masiku enawa mbale imabwerera momwe yapitira."

Amayi anga ku Kawale nawonso anamva, sindikudziwa kuti anawauza ndani. Anandiimbira foni n'kunena kuti kuchoka ku Biwi kufika ku Kawale ndi mtunda woyenda pansi, koma mwana wawo amadutsa ngati mlendo. Ndinayesa kufotokoza za kalasi ija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa ngati bamboyo ali ndi mwana wamwamuna wosakwatira.

Chakumapeto kwa semesita tinafika pa samu ya mafunde, yofotokoza mmene nsambo ya gitala imanjenjemerera ukaikhudza. Loweruka limenelo Madala analakwitsa. Ananena pulasi pomwe pamayenera kukhala mainasi, ndipo ine ndinalemba monga ananenera, koma mizere itatu kutsogolo zinthu zinakana kugwirizana. Ndinabwerera m'mbuyo n'kupeza pomwe panalakwika.

"Abambo, apa pakuyenera kukhala mainasi."

"Ayi. Werenganinso."

Ndinawerenga mokweza kuyambira pamwamba. Anayendanso njira yonse m'mutu, milomo ikugwedera. Kenaka anagwetsa dzanja pabondo.

"Mukunena zoona." Anatembenukira kubwalo. "Kale ndikanaziona ndisanamalize kulemba. Tsopano ndikafika mzere wachisanu, woyamba uja wayamba kuzimirira. Ndimaugwira, koma umapulumuka."

Ndinati aliyense amalakwitsa chizindikiro, ngakhale olemba mabuku. Tsiku limenelo tinaweruka msanga, ndipo pondiperekeza mpaka pa mtengo wa mapeyala, atagwira phewa la akazi awo, anandipempha chinthu chimene sindinkayembekeza.

"Samu imeneyi ndikufuna ndikaiphunzitse ndekha. Kamodzi kokha. Inu mukalembe, ine ndikayankhule."

Akazi awo anakana poyamba, ati anthu akawaseka. Koma Lachitatu m'mawa ndinawapeza onse awiri pa geti la koleji, Madala ali mu jekete ndi tayi, tayiyo itamangidwa ndi munthu wosazolowera. Mayiwo anandipatsa dzanja la amuna awo ngati akundipatsa dengu la mazira, n'kukhala pa benchi panja. Anakana kulowa.

Kalasi ya ma PDE inali yaing'ono, ophunzira osakwana khumi. Atationa tikulowa anaimirira onse, chinthu chimene sankachitira mphunzitsi aliyense. Madala anaima pafupi ndi tebulo, dzanja limodzi litagwira m'mphepete mwake, n'kuyamba. Mawu awo anali ena, osati a pakhonde aja. Anayamba ndi kufunsa ngati alipo amene amaimba gitala kutchalitchi, ndipo mnyamata wina atavomera anamufunsa chimene chimachitika ukagwira nsambo pakati. Kuchoka pamenepo anatitenga pang'onopang'ono mpaka samu yonse inaima pabolodi. Ine ndinkangolemba. Atayandikira pamalo paja analakwitsa Loweruka, ndinaimitsa choko. Anaima pang'ono, n'kunena momveka bwino kuti, "Mainasi," akuyang'ana mbali imene ankaganiza kuti ndaima. Ndinali mbali inayo.

Mtsikana wina anafunsa funso lovuta, la chifukwa chake tingaphatikize mayankho ambirimbiri osatha n'kukhulupirira kuti zotsatira zake ndi yankhonso. Madala anamwetulira.

"Limenelo ndi la analisisi. Eni ake ndi awa ali ndi chokowa. Amayi, tayankhani."

Ndinayankha, ndipo ndinayankha bwino, chifukwa imeneyo inalidi mbali yanga. Iwo ankangogwedeza mutu. Nthawi itatha ophunzira sanaombe m'manja, anangokhala duu, mpaka Madala anati, "Nanga simupita kukadya?"

Panja anauza akazi awo kuti zatheka, tsopano atha kupita kwawo. Ine ndinamva ngati akunena ku Biwi.

Loweruka lotsatira ndinapeza lole itaima pabwalo, katundu akukwezedwa. Ana awo anali atagwirizana kalekale kuti bambo awo abwerere ku Mangochi, komwe kunali abale oti n'kuthandiza kuwasamala, ndipo Madala ndi amene ankakana, ati adikire kaye afike pa mafunde. Palibe anandiuza. Mwina ankaopa kuti ndiwachonderera, ndipo ndikanawachondereradi.

Madala anali pampando wawo pakhonde, chinthu chokhacho, kupatula bolodi, chimene chinali chisanakwezedwe.

"Kwatsala mutu umodzi, Abambo," ndinatero. Ndi zokhazo zimene zinabwera pakamwa panga.

"Mutu umenewo simukundifuna. Muyambe ndi mbale yachitsulo yozungulira, muitenthe m'mphepete, mufunse za pakati. Zotsalazo muzipeza." Anatambasula dzanja, ine n'kuligwira ndi manja awiri. "Bolodilo tengani. Kumudzi akaliyesa chitseko cha khola."

Ndinalinyamula pa minibasi ziwiri, kondakitala wa ya ku 25 akudandaula njira yonse kuti latenga malo a munthu. Kunyumba ndinaliimika pabalaza, chifukwa eni nyumba sankalola kukhoma misomali.

Mutu wotsiriza uja ndinauphunzitsa ndekha, ndipo unayenda. Ophunzira analemba mayeso, ambiri anakhoza. Koma Loweruka linasanduka tsiku lalitali. Ndinkadzuka m'mawa monga mwa chizolowezi, kuchapa, kukolopa, kupita ku Nsungwi kukagula matimati ndi bonya, kubwerera dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Kenaka ndinkaima pa bolodi lija n'kumakonzekera phunziro mokweza mawu, kufunsa mafunso opusa ndekha n'kudziyankha ndekha. Tsiku lina ndinamva mayi woyandikana nane akuuza mnzake kuseri kwa mpanda kuti aphunzitsi ayamba kuyankhula okha, sukulu ikachuluka imatero. Kuyambira pamenepo ndinkanong'ona.

Ku ofesi tebulo la pawindo linakhala lopanda munthu chaka chonse. Aphunzitsi a maphunziro ena ankabwera kudzabwereka mpando wa Madala, mpaka tsiku lina sunabwerenso. Ndinkawaimbira Madala foni, koma kumudzi kwawoko netiweki inkapezeka pa chulu china kutali ndi nyumba, ndipo munthu wosaona sangakwere chulu nthawi iliyonse. Tinayankhulana kangapo kokha. Ulendo womaliza anandifunsa ngati ndapeza woti ndizikambirana naye masamu. Ndinati ndikufunafuna. Anati, "Ku Zomba aliko, muziwalembera," foni n'kuduka. Ndinawalemberadi aphunzitsi a masamu a ku yunivesite ya ku Zombawo pa intaneti ya pa kefe ina m'tauni, ndipo mmodzi anayankha mwaulemu patapita miyezi, koma munthu sungakoke mpando pa intaneti.

Za imfa yawo ndinamva mochedwa. Anamwalira m'mawa, n'kuikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo, ndipo uthenga unafika ku koleji sabata itatha. Mkulu wa dipatimenti anandiuza tili pakhonde la maofesi, ali ndi mafayilo m'manja, akuthamangira kumsonkhano. Ndinali ndi kalasi ya masamu a zachuma nthawi yomweyo. Ndinalowa, ndinaphunzitsa za inshuwalansi ya moyo, mmene amawerengera zaka zimene munthu akuyembekezeka kukhala, ndipo palibe wophunzira anazindikira kanthu. Nditatuluka ndinakadzitsekera mu ofesi. Panalibe woti ndimupepese, panalibenso wondipepesa.

Ma PDE ndinawaphunzitsa zaka zina ziwiri. Chaka chachitatu analembetsa ophunzira awiri okha, ndipo akuluakulu anati phunzirolo liyambe laima, ine ndiwonjezere kalasi ina ya zachuma, ya madzulo, ya anthu apantchito. Sindinatsutse. Ophunzira a madzulowo anali anthu abwino, otopa, ofuna kudziwa zimene zibwere pa mayeso basi.

Chaka chimenecho, nyengo yozizira, akazi a Madala anandiimbira foni. Anali atabwera ku Lilongwe kudzaonana ndi dokotala wa miyendo, ndipo kwa mlongo wawo ku Mtandire kunali kodzaza alendo. Anafunsa ngati angagone kwa ine masiku awiri. Ndinakawatenga ku depoti. Anali ataonda, akuyenda mokoka mwendo, koma maso anali akuthwa chimodzimodzi.

Aka kanali koyamba kuti mlendo agone m'nyumba mwanga. Ndinagula nyama kwa Asilamu a pamsika, ndinabwereka matiresi kwa mayi woyandikana nane uja, amene anadabwa mpaka anabwera kudzapereka moni kuti aone mlendoyo ndi maso ake. Madzulo tikumwa tiyi, mayiwo anandifotokozera za miyezi yomaliza ya amuna awo. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, akuphunzitsa kalasi yosaoneka. Abale ankati mutu wasokonekera, ena ankafuna kuitana shehe kuti awapempherere.

"Ine ndinkadziwa kuti mutu uli bwinobwino. Kungoti analibe womvera. Ndiye ndinkatenga nsalu zanga n'kukhala pambali, iwo akati, 'Mwamva?' ine n'kuti, 'Ndamva.' Akati, 'Pali funso?' ine n'kuti, 'Bwerezani pomaliza paja.' Ankabwereza mosangalala. Zaka zonse zija ndinakhala nawo, sindinamvepo ngakhale chimodzi."

Anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anandifunsa ngati ndikuphunzitsabe zija za pakhonde. Ndinawauza kuti anaziimitsa. Anangoti, "Ooh," n'kuyang'ana m'kapu.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kuchipatala, tinakhala pa mzere mpaka masana, ndipo tsiku linalo ndinawakweza basi ya ku Mangochi. Atakhala pampando anatulutsa dzanja pawindo n'kundipatsa kamtolo ka nsalu, chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chotsala pa katundu wawo wa mumsika uja.

"Mukasoketse diresi. Musamangovala zakuda ngati wamasiye, wamasiye ndine."

Basi inachedwa kunyamuka, inkadikira kudzaza. Ndinaima pambali pake mpaka nthawi ya kalasi yanga ya madzulo inayandikira, ndipo iwo ndi amene anandiuza kuti ndizipita, ana a eni akudikira. Ndinawoloka mlatho wa Lilongwe wapansi, pakati pa mavenda ndi anthu oweruka kuntchito, chitenje chili m'chikwama pamodzi ndi mabuku. Diresilo anandisokera telala wina wa pa Nsungwi, ndipo ndinalivala mpaka linatha.